Mbumba ya aYuda

Amayi atamwalira tinadikira mvula ziwiri kuti dothi la pamanda likhazikike, kenaka achemwali anga anati nthawi yomanga chiliza yakwana. Iwo ndi amene ankayendetsa zonse, za njerwa, za mchenga ndi za mmisiri, poti kwathu kuno kufupi ndi Namitambo mwana wamkazi wamkulu ndiye amatsala pamalo a mayi ake. Ine anandisiyira ntchito imodzi yokha.

"Achimwene, inu ndi amene mumakhalira kuwerenga," anatero. "Mutipezere mawu olemba pamwalapo. Koma akhale afupi, simenti siyidikira munthu."

Mawuwo ndinali nawo kale. Ndinakula nawo. Amayi anali ndi chiganizo chimodzi chimene ankatiyankha nacho pa zinthu zambiri: "Ife ndife mbumba ya Ayuda." Tikabwera ndi mbewa zimene tinakumba ndi anzathu m'minda yokololedwa, ankatibweza nazo pakhomo pomwepo ndi mawu amenewa. Nkhumba sinalowepo mumphika wawo. Mlamba ankaukana ngakhale wina awapatse mwaulere. Nkhuku ikaphedwa ankaonetsetsa kuti magazi onse atuluka, ndipo ankawakwirira ndi dothi ndi phazi lawo. Tinkapemphera Lamlungu ngati anthu onse a mumpingo wathu, koma Loweruka amayi sankagwira khasu. Ankati mawondo akuwawa. Mawondowo ankadziwa masiku, chifukwa Lolemba ankachira okha.

Sanafotokozepo chilichonse, ndipo ife sitinafunse. Mwana wa nthawi imeneyo akauzidwa kuti ichi sitidya, ankangodziwa kuti sitidya.

Nditakula n'kuyamba kuwerenga Baibulo pandekha, kuyambira tsamba loyamba osadumpha, ndinafika m'mabuku a chilamulo ndipo ndinapezamo khitchini ya amayi yonse. Nyama yodetsedwa inalimo, nsomba yopanda mamba inalimo, tizinyama tokwawa pansi tinalimo, magazi okwiriridwa ndi dothi analimo, tsiku lachisanu ndi chiwiri linalimo. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga malonjezo akale mwa mtundu wina. Anzanga a mumpingo ankawamva ngati alendo oitanidwa kuphwando, ine ndinkawamva ngati mwana wa m'nyumbamo. Sindinauze munthu, kupatula mayi a kunyumba kwanga, amene anangoti, "Oo," n'kupitiriza kusankha nyemba. Ndakhala ndikuphunzitsa kalasi ya Sande sukulu kwa zaka zambiri ndi chinsinsi chimenechi mumtima, ndipo ndivomere kuti chinkanditsekemera.

Choncho achemwali atandipatsa ntchito ija, ndinalemba papepala dzina la amayi, ndipo pansi pake: Wa mbumba ya Ayuda. Ndinaliyang'ana pepalalo ndipo mtima unayamba kundivuta. Mawu olankhula amapita ndi mphepo, koma olembedwa pa simenti ya kumanda amaima pomwepo mpaka lipenga lomaliza. Ngati si oona, ndiye kuti ndaikira amayi anga umboni wonama pamutu pawo, pamalo pamene sangathe kudzuka n'kundidzudzula. Kodi ndinkadziwa chiyani kwenikweni? Makolo athu anali Alomwe, anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Zimenezi aliyense amazidziwa. Nanga Ayuda analowa pati?

Ndinapempha achemwali mwezi umodzi. Anati mmisiri abwera tikangomaliza kukolola nandolo, mvula isanayambe, ndipo tsiku limenelo silisuntha.

Sindinkadziwa poyambira. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito m'sitolo ku Limbe, ndipo atabwera kumapeto kwa sabata ndinamuuza nkhani yonse. Sanaseke. Anatulutsa foni yake n'kuyamba kufufuza mmene anthu amachitira akafuna kudziwa za makolo awo achiyuda. Zinali m'Chingerezi, ndipo ankawerenga n'kumandimasulira, ine ndikulemba m'kope la mizere limene ndinagulira ntchito imeneyi.

Choyamba, anati, uyambe ndi dzina la banja, uone kumene linachokera ndi mmene linasinthira. Ndinaika cholembera pansi. Dzina limene ndimalemba pa chiphaso ndi dzina loyamba la bambo anga, limene aphunzitsi anandipachika tsiku lolembetsa sukulu. Achemwali amalemba lina, la agogo aamuna, chifukwa iwo anakawalembetsa ndi munthu wina. Ndipo anthu athu atangofika kuno ambiri anabisa mayina awo achilomwe pothawa kunyozedwa. Dzina liti tsono?

Chachiwiri, ufufuze m'mabuku a sitima zapamadzi zimene zinanyamula makolo ako. Makolo anga ananyamulidwa ndi mapazi awo.

Chachitatu, upite kumanda akale ukawerenge zolembedwa pamiyala. Kumanda kwathu anthu akale ali pansi pa mitengo, ndipo mitengoyo siinalembedwe.

Mwana wanga anapitiriza kutsitsa ndi chala chake, kenaka anaima. Anati apa akunena kuti pakati pa Ayuda munthu amawerengedwa kudzera mwa mayi ake. Ndi mmene timachitira ife. Mwana ndi wa kuchikazi, mudzi ndi wa kuchikazi, manda ndi a kuchikazi. Ndinalemba zimenezi ndi zilembo zazikulu. Koma ndisanamalize mzerewo ndinakumbukira mndandanda wa mayina umene umatsegula Chipangano Chatsopano, ndi ina yambiri ya m'mabuku akale: uje anabala uje, uje anabala uje, bambo ndi mwana wake wamwamuna mpaka pansi. Ndiye zoona ndi ziti, za foni kapena za m'Malemba? Mwana wanga anati iye akungowerenga zimene zalembedwa. Ine ndinati inenso.

Panatsala malangizo awiri amene ndikanatha kutsatira: kufunafuna mapepala akale m'nyumba, ndi kufunsa wachibale wamkulu kwambiri amene adakali moyo, msanga, asanapite ndi zimene akudziwa.

Mapepala a amayi anali m'bokosi lachitsulo kwa achemwali. Munali makadi a kuchipatala, chithunzi chimodzi, ndi Baibulo lawo lakale lokutidwa ndi chidutswa cha chitenje. Patsamba loyamba, lopanda mawu osindikiza, panali dzina lawo m'zilembo zawo zopendekera, za munthu amene sukulu anailekera m'kalasi lachiwiri. Pansi pake analemba ndi pensulo, n'kubwerezanso ndi inki: mbumba ya aYuda. Chilembo choyamba chinali chaching'ono, chachiwiri chachikulu, zogundana. Sizinandidabwitse, chifukwa anthu akale ankalemba motero mayina a mitundu: aLomwe, aYao, aNyanja. Ndinasangalala kwambiri. Ndinali ndi pepala tsopano, monga foni inanenera.

Wachibale wamkulu anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anakwatira kuseri kwa Mbombwe ndipo akhala kumeneko moyo wawo wonse. Ndinakwera kabaza m'mawa wa Lachiwiri, kope lili m'thumba la jekete. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akumenya nandolo wouma ndi kamtengo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kuti ntchito ithe. Makutu awo anafooka, choncho pofunsa ndinkachita kukweza mawu, ndipo nkhuku zinkathawa.

Anandifunsa ngati ndabwera kudzawaona kapena kudzawayeza bokosi, poti anthu a kwathu amangowakumbukira pakakhala maliro. Ndinati ndabwera kudzafunsa za Ayuda.

Nkhope yawo inawala. Anaika kamtengo pansi n'kunena kuti palibe amene anawafunsapo zimenezo, ndipo ankaganiza kuti adzapita nazo kumanda. Ndinatsegula kope.

Ndinafunsa ngati n'zoona kuti ife ndife mbumba ya Ayuda. Anati n'zoona kwambiri, ndipo amene angatsutse abwere adzatsutse pamaso pawo. Ndinafunsa kumene anachokera. Anati kutali, kuseri kwa mapiri a Mulanje, chakunyanja yamchere, ndipo anayenda masabata ambiri, akugona m'tchire, akuthawa nkhanza za Apwitikizi. Ndinalemba, ndipo m'mutu mwanga munali chipululu ndi mtambo wotsogolera. Ndinafunsa maonekedwe awo. Anati anali aatali, oyererako khungu, a ndevu zambiri zimene sankameta. Anati sankadya nkhumba, mbewa kapena mlamba, ndipo nyama imene sanaone mmene yaphedwera sankaikhudza. Loweruka sankagwira ntchito, ngakhale kapitawo wa kumunda wa mzungu awaopseze bwanji. Anali ouma mutu, anatero amalume, ouma mutu koopsa.

Ngakhale kuuma mutuko ndinkakudziwa kumene kunalembedwa. Ndinadzaza masamba atatu. Amalume ankalankhula mosangalala, ine ndikulemba mosangalala, ndipo tinayenda limodzi chotero pafupifupi ola lathunthu.

Kenaka ndinafunsa kuti anathera kuti. Ndinkafuna kudziwa ngati anabalalika, kapena anabwerera, kapena anasakanikirana ndi mitundu ina.

"Anagwa mumtengo," anatero amalume.

Ndinaganiza kuti sanandimve. Ndinabwereza funso mokweza.

"Ndakumva, mphwanga, usandiphulitse khutu. Anagwa mumtengo wa masuku. Munthu wamkulu ndithu, kukwera mumtengo chifukwa cha masuku. Anathyoka msana, anagona masiku anayi, basi."

"Onse?"

"Onse ati?"

"Ayudawo. Onse anagwa mumtengo?"

Amalume anandiyang'ana modabwa.

"Iwe, ukuganiza kuti analipo angati?"

Ndinayang'ana masamba anga atatu. Anali aatali. Sankadya. Anayenda. Anali ouma mutu. M'Chinyanja chathu munthu wamkulu sitimutchula ngati mmodzi. Timati abambo abwera, amfumu akudwala, aphunzitsi anena. Ola lonse lija ine ndinkafunsa za mtundu wa anthu, amalume ankayankha za munthu mmodzi, ndipo panalibe liwu ngakhale limodzi limene likanatichenjeza. A Yuda. Bambo wina dzina lake Yuda, ndi ulemu wake patsogolo.

Amalume atamvetsa chimene chachitika anaseka mpaka kutsokomola, ndipo akazi awo anatuluka m'nyumba kudzaona. Atawafotokozera, nawonso anakhala pansi ndi kuseka. Ine ndinasekako pang'ono chifukwa cha ulemu chabe.

Atapuma anandilongosolera bwino. A Yuda anali mwini mbumba. Ndi amene anatsogolera alongo awo atatu ndi ana awo pa ulendo uja, ndipo mmodzi wa alongowo anabala agogo athu aakazi. Choncho amayi akamati ndife mbumba ya a Yuda ankanena zoona zenizeni, zimene mayi aliyense wa kuno anganene potchula mwini mbumba wake. Zakudya zija anali malamulo a munthu ameneyu, ndipo alongo ake anawasunga chifukwa chomuopa ali moyo ndi chifukwa chomukonda atamwalira.

Ndikanatseka kope pamenepo, nkhani ikanatha, ndipo ndikanabwerera kwathu wamanyazi koma wodziwa. Koma ndinafunsanso funso lina. Ndinafunsa kuti dzinalo analitenga kuti, ndipo malamulowo anawaphunzira kwa yani.

Amalume anakanda kumutu. Anati iwo anamva kuti linali dzina la ubatizo, limene mbusa wina anawapatsa atakalamba chifukwa anali mwana wachinayi wamwamuna kwa mayi awo, monga zilili m'Baibulo. Akazi awo anatsutsa pomwepo. Anati iwo anamva kwa apongozi awo kuti munthuyo sanabatizidwepo, ndipo n'chifukwa chake pa maliro ake sipanaimbidwe nyimbo. Anakangana pang'ono, aliyense akutchula anthu amene anamwalira kalekale ngati mboni. Pomaliza amalume anati ngati ndikufuna zambiri ndipite ku Njuli. Kumeneko kuli mkulu wina wachisilamu amene agogo ake ndi amene ankachinja mbuzi za a Yuda, poti a Yuda sankalola Mkhristu kuwaphera chiweto.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawauza achemwali. Ankapeta chimanga ndipo sanasiye. Ndinawafunsa kuti iwo zaka zonsezi ankamva chiyani amayi akamanena mawu aja, mtundu kapena munthu.

"Ine ndinkamva kuti mbewa sitidya," anatero. "Mawu a pamwala mwapeza?"

Ndinati sindinapeze.

Ku Njuli ndinapita Lachinayi. Mkulu uja ndinamupeza pakhonde la sitolo ya mwana wake, atavala kofia yoyera, akuyang'ana magalimoto odutsa pamsewu. Chinyanja chake chinali chopendekera ku Chiyao. Nditadzifotokoza kuti ndine wa mbumba iti, anandigwira dzanja osalisiya, n'kunena kuti ndiye ndine mwana wa m'nyumba, ndipo anaitanitsa tiyi.

Anati iye munthuyo sanamuone, koma agogo ake ankamutchula kawirikawiri. Kwawo sankati a Yuda. Ankati Che Yahudi. Ndinafunsa tanthauzo lake. Anati ndi mmene amatchulira Myuda m'chinenero cha mapemphero awo.

Tiyi anandipsereza lilime. Ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani ankamutchula choncho.

Anati palibe chovuta pamenepo. Munthu amadya ngati Msilamu, koma kumzikiti Lachisanu sabwera. Amakhala pakati pa Akhristu, koma kutchalitchi Lamlungu sapita. Tsiku lake ndi Loweruka, yekhayekha, atakhala pakhonde manja ali pamawondo. Munthu wotero ungamutche chiyani? Agogo ake ankamuseka nalo dzinalo, ndipo iye ankangomwetulira, osavomera, osakana.

Ndinati ndiye kuti linali dzina lachipongwe chabe.

Anati mwina. Anati masiku amenewo kunkadutsa alaliki a Sabata m'minda ya azungu, ndipo n'kutheka kuti anamva kwa iwo n'kutolapo zimene anakonda. Koma panalinso nkhani ina imene amayi achikulire ankanong'onezana. Ankati mayi ake a munthuyo, asanakwatiwe kumudzi, anagwirapo ntchito kugombe kwa wamalonda wina woyera amene sanali Mpwitikizi wa kutchalitchi komanso sanali Mmwenye wa kumzikiti, ndipo ankatseka sitolo yake Loweruka. Ankati khungu lija ndi ndevu zija zinachokera kumeneko.

Ndinafunsa kuti mwa nkhani ziwirizi yoona ndi iti.

"Bambo, ine kunalibe," anatero. "Ndikanakhalako, lero bwenzi mukulankhula ndi mzimu. Imwani tiyi."

Pobwerera ndinatsika kabaza patali ndi kwathu kuti ndiyende wapansi, chifukwa mutu unkandizungulira. Ndinali ndi nkhani zitatu za dzina limodzi: ubatizo, chipongwe, ndi wamalonda wa kugombe. Ndinayesa kutsata yachitatuyo, poti ndi imene mtima wanga unkaifuna. Tinene kuti ndi yoona. Ndiye kuti a Yuda anali mwana wa Myuda kudzera kwa bambo. Koma foni inati amawerengera kwa mayi, ndipo mayi awo anali Mlomwe. Tinene kuti titsate Malemba, tiwerengere kwa bambo. Ine sindine mdzukulu wa a Yuda kudzera mwa ana awo, ndine wa mlongo wawo, ndipo mlongoyo ayenera kuti anabadwa kumudzi kwa bambo wina. Njira iliyonse imene ndinkalowa inkanditulutsira kunja kwa mpanda. Komabe magazi a nkhuku ankakwiriridwa ndi dothi pakhomo pathu, ndipo ndinaziona ndi maso anga. Alaliki a Sabata amaphunzitsa zimenezo? Sindikudziwa. Ndinafunsa mnzanga wina wa mpingo wa Sabata ndipo anati za nkhumba ndi mlamba inde, za dothi sanamvepo.

Mwana wanga nditamuimbira anati pali njira ina. Munthu amalavulira m'kabotolo, amatumiza kunja, ndipo amamuuza mitundu imene ili m'magazi ake. Ndinafunsa ngati yankho lingabwere nandolo asanathe. Anati ayi, zimatenga miyezi. Ndinafunsanso ngati malovuwo anganene chimene amayi ankatanthauza. Anati, "Adadi, zimenezo ayi."

Masiku otsatira ndinkapita kumunda m'mawa kwambiri, kukathyola nandolo ndi kupemphera. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinkafunsa Ambuye chifukwa chimene anandilekerera zaka zonsezi ndikusangalala ndi chinthu chimene mwina chinali kulephera kumva Chinyanja changa chomwe. Ndinkachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinkayang'anira anzanga m'tchalitchi, mwachifundo, ngati ana opeza. Palibe amene anadziwa, koma Iye ankadziwa. Ndipo chimene chinandiopsa kwambiri chinali chisoni changa. Ngati mtanda unali wondikwanira, monga ndakhala ndikuphunzitsira ana a anthu Lamlungu lililonse, n'chifukwa chiyani ndinkamva ngati wolandidwa munda?

Kumapeto kwa munda wanga kuli mitengo ya mango imene ndinamezanitsa ndekha, nthambi ya mango aakulu pa tsinde la mango a kwathu. Ndinaima pamenepo tsiku lina ndikuyang'ana chipsera cha polumikizira. Ndimadziwa bwino zimene mtumwi analemba za nthambi yakutchire yolumikizidwa pa mtengo wabwino, ndipo ndaziphunzitsapo kangapo. Ndikanakonda kunena kuti pamenepo mtima unakhazikika. Unakhazikika mpaka masana. Madzulo ndinali nditayambanso kuganiza za wamalonda wa kugombe uja ndi sitolo yake yotseka.

Ndinatenganso Baibulo la amayi n'kuyang'anitsitsa tsamba lija padzuwa. Mbumba ya aYuda. Anthu akale ankalemba motero mtundu wa anthu. Koma ndinakumbukira makalata a bambo anga ochokera ku migodi, mmene ankalembera moni kwa akuluakulu a pamudzi: chilembo chaching'ono cha ulemu, chogundana ndi dzina la munthu. Kalembedwe kake n'kamodzimodzi. Ndinayang'ana ngati pali kampata pakati pa zilembo ziwirizo, ngakhale kochepa ngati tsitsi. Pensulo inkaoneka ngati yasiya kampata. Inki inalumikiza. Amayi analemba kawiri, ndipo sindikudziwa kuti ndi ulendo uti umene ankakonza unzake.

N'kuthekanso kuti iwo eni sankasiyanitsa. Anamva mawuwo kwa mayi awo ali mwana, monga ine ndinawamvera kwa iwo. Mwina ankawerenga Baibulo lawo lija n'kumaona amalume a mayi awo aatali a ndevu akuyenda m'chipululu. Ndinakhala nawo zaka zoposa makumi asanu, ndinawaperekeza kuchipatala cha Namitambo kosawerengeka, tikudikira pabenchi maola ambiri opanda chokamba, ndipo funso la mawu asanu, kodi ndi anthu kapena munthu, sindinawafunse.

Tsiku la chiliza linafika nandolo atalowa m'matumba. Tinapita kumanda m'mawa, abale ochepa, ndi amalume amene tinawatumizira kabaza. Mmisiri anali atamanga kale dzulo lake, ndipo chotsala chinali kupaka simenti yosalala kumutu ndi kulemba isanaume. Analemba dzina la amayi ndi msomali, mosamala, akupukuta nsonga yake pa buluku. Kenaka anatembenuka n'kufunsa mawu apansi.

Achemwali anandiyang'ana. M'thumba ndinali ndi mapepala awiri. Pa lina ndinalemba Ayuda, chilembo chachikulu patsogolo, monga mmene mabuku a lero amalembera mtundu. Pa lina ndinalemba a Yuda, motalikirana, monga timalembera munthu. Usiku uliwonse wa sabata imeneyo ndinkasinthasintha, ndipo ndinafika pamandapo ndisanasankhe. Loyamba sindikanatha kulichitira umboni. Lachiwiri linali loona, koma linkatseka khomo limene mkulu wa ku Njuli analisiya lotsegula, ndipo sindinali wotsimikiza kuti amayi akanalitseka.

Sindinatulutse pepala lililonse. Ndinamasula chitenje pa Baibulo la amayi, ndinatsegula tsamba loyamba, n'kumuonetsa mmisiri.

Anawerenga, n'kunena kuti apa pali cholakwika. Anati chilembo chachikulu sichikhala pakati pa liwu, ndipo anthu odutsa adzati mmisiri wake sanapite kusukulu. Anafunsa kuti akonze bwanji: akulitse choyambacho, kapena asiye mpata pakati?

"Lembani mmene alembera eni ake," ndinatero.

"Ndiye ndi anthu kapena ndi munthu?"

"Sindikudziwa."

"Simenti ikuuma, achimwene," anatero achemwali.

Mmisiri anapukusa mutu, anagwada, n'kukopera chilembo ndi chilembo, akuyang'ana m'buku ndi pamwala, m'buku ndi pamwala. Anatengera ngakhale kupendekera kwa dzanja la amayi, kaya mwadala kaya ayi. Atamaliza, amalume anapempha kuti wina awawerengere, poti maso awo safika patali. Achemwali anawerenga mokweza pafupi ndi khutu lawo. Amalume anagwedeza mutu n'kunena kuti zili bwino, munthu wamkulu uja wakumbukiridwa. Mayi wina wa mumpingo wathu amene anaima kumbuyo kwanga anandinong'oneza kuti sankadziwa kuti amayi anali a mtundu wopatulika, ndipo n'chifukwa chake anali munthu woopa Mulungu chotero. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere, koma nyimbo inali itayamba, ndipo sindinadziwe kuti ndiyambira pati.

Kope lija ndidakali nalo. Masamba atatu a kwa amalume aja sindinawang'ambe, chifukwa palibe liwu labodza mmenemo. Mwana wanga akuti kabotolo kaja angathe kukaitanitsa ndikafuna, ndipo ndamuuza kuti ndiganize kaye. Amalume anatumiza uthenga kuti akumbukira dzina la phiri limene a Yuda ankalitchula, ndipo ndipiteko asanaliiwalenso. Ndipita Lachiwiri. Loweruka lapitali ndinatenga khasu kuti ndikayambe kugalauza mizere, ndinafika nalo mpaka pa mitengo ya mango ija, ndipo ndinaima pamenepo kwa kanthawi ndisanadziwe ngati ndilime kapena ndibwerere.